Musanagule graphics card ya kompyuta yakale, yambani mwaona izi

Funsoli limabwera m'mawu ofanana nthawi zonse: "Ndagula graphics card, ndaiika mu kompyuta, mafani akuzungulira bwinobwino koma pa monita pali bii. Andigulitsa yakufa kodi?" Kawirikawiri khadilo, lomwe ndi chipangizo chopanga zithunzi zooneka pa monita, limakhala lamoyo ndithu. Chimene chimavuta n'chakuti khadi ndi kompyutayo sizikumvana, ndipo zimenezi zikanadziwika ndalama zisanatuluke m'thumba. Ndayankha funsoli kambirimbiri, ndipo chimandiwawa n'chakuti ambiri amadzafunsa atalipira kale, wogulitsa atakana kale kubweza. Ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi, muwerenge musanagule.

Makompyuta amene ndikunena ndi a kaunjika aja ochokera m'maofesi a kunja: Dell OptiPlex, HP Compaq Elite, Lenovo ThinkCentre ndi anzawo, opangidwa chapakati pa 2008 ndi 2015. Ndi makina olimba, koma anawapangira kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama, osati masewera kapena kukonza mavidiyo. Ngati yanu ndi laputopu, nkhaniyi si yanu, chifukwa m'malaputopu pafupifupi onse graphics inamatidwa pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse, ndipo sisinthika.

1. Dziwani dzina lenileni la kompyuta yanu

Kungonena kuti "ndili ndi Dell" sikuthandiza. OptiPlex 7010 yokha inatuluka m'misinkhu inayi: MT, lomwe ndi bokosi lalikulu loimirira, DT yomwe ndi yapakatikati, SFF yomwe ndi yaing'ono yopyapyala, ndi USFF yomwe ilibiretu malo oikamo khadi. Dzina ndi limodzi koma m'kati n'zosiyana.

Dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani msinfo32, kenako Enter. Koperani papepala mizere iyi: System Model, Processor, BIOS Version/Date, BIOS Mode ndi System Type. Mukatero zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, tsegulani bokosi, ndipo jambulani ndi foni m'kati monse pamodzi ndi kapepala komatidwa pa power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyutamo. Zithunzi zimenezi ndi zimene mudzatenge popita kogula.

2. Pezani siloti

Khadi limalowa mu siloti yotchedwa PCIe x16. Ndi siloti yaitali ya pa motherboard, ili ndi kapulasitiki kokolera kumapeto, ndipo mu Dell zambiri ndi ya buluu. Makompyuta a chisanafike chaka cha 2004 kapena 2005 ambiri ali ndi siloti ina yotchedwa AGP. Imeneyo khadi la masiku ano silingalowemo, ndipo ngati kompyuta yanu ndi ya nthawi imeneyo, ndalamazo sungirani kompyuta ina.

Apa pali nkhawa imodzi imene mungaitaye. Anthu amafunsa ngati khadi la PCIe 3.0 kapena 4.0 lingagwire mu siloti ya 2.0. Limagwira. PCIe anaipanga kuti zatsopano ndi zakale zizigwirizana, khadilo limangotsika n'kuyendera liwiro la silotiyo. Pa makhadi ambiri ang'onoang'ono simungaone n'komwe kusiyana. Limodzi loti musamale nalo ndi Radeon RX 6400, chifukwa limagwiritsa ntchito njira zinayi zokha mwa 16 za silotiyo, ndiye mukaliika pa PCIe 2.0 limafooka moonekeratu.

3. Yezani malo ndi rula

M'bokosi la SFF mumalowa khadi la low profile lokha, kutanthauza lalifupi msinkhu. Kachitsulo komangira khadi kumbuyo kwa bokosi kamatchedwa bracket, ndipo kalipo kakatali ndi kakafupi. Makhadi a low profile atsopano amabwera ndi tonse tiwiri, koma a kaunjika kakafupiko kamakhala katasowa kale. Funsani musanalipire.

Kenako onani kunenepa kwa khadilo. Ena amadya malo a siloti imodzi, ena ziwiri. Mu OptiPlex 9020 SFF siloti ya buluu ili pafupi kwambiri ndi power supply, moti khadi lonenepa limagunda. Pomaliza yezani kutalika, kuchokera kumbuyo kwa bokosi mpaka pamene pali chitsulo chosungira hard drive.

4. Werengerani magetsi

Siloti ya PCIe x16 imapereka mphamvu yofika 75W. Khadi lofuna zoposa apo limakhala ndi pobayira chingwe chochokera ku power supply: cha mapini 6 chimawonjezera 75W, cha mapini 8 chimawonjezera 150W. Makompyuta a mu ofesi ambiri alibe chingwe chimenechi ngakhale chimodzi, ndipo ma power supply ake ndi ang'ono. OptiPlex 7010 SFF ili ndi 240W, MT yake 275W. 9020 SFF ili ndi 255W, MT yake 290W. HP Compaq Elite 8300 SFF ili ndi 240W. Komanso ma SFF ena akale siloti yawo siifika pa 75W, ndipo nambala yocheperayo nthawi zina imalembedwa pa motherboard pafupi ndi silotiyo. Unikani ndi tochi ya foni.

Nambala yaikulu yolembedwa pa power supply isakunamizeni. Yang'anani mzere wa +12V, chifukwa khadi ndi processor, ubongo wa kompyuta, zimadya kumeneko. Ngati palembedwa 18A, chulukitsani ndi 12, mupeza 216W. Chotsanipo za processor: Core i5-2400 ndi 95W, i5-3470 ndi 77W, i5-4570 ndi 84W. Chotsaniponso pang'ono za hard drive ndi mafani, ndipo musiye malo opumira, poti power supply yomwe yagwira ntchito zaka khumi siperekanso ngati yatsopano.

Makhadi osafuna chingwe chowonjezera ndi awa: GT 1030 ya 30W, RX 550 ya 50W, RX 6400 ya 53W, GTX 750 Ti ya 60W, ndiponso GTX 1050 Ti ndi GTX 1650 za 75W. Komabe onani khadi lenilenilo, chifukwa makampani ena amaika pobayira mapini 6 ngakhale pa 1050 Ti kapena 1650. Khadi ngati RX 580, lomwe limapezeka motchipa pa kaunjika, limadya 185W. Lisayandikire n'komwe power supply ya 240W.

Wina adzakuuzani kuti pali adapta yochotsa magetsi pa chingwe cha SATA n'kupereka mapini 6. Ilipodi, koma ine ndimaikana. Pulagi ya SATA anaipangira 54W pa 12V, pamene khadi lingakoke 75W. Pulagiyo imatentha, pulasitiki n'kusungunuka, ndipo zikafika poipa umabuka moto m'bokosi. Musabayenso chingwe cha mapini 8 cha processor pa khadi. Chimaoneka chofanana koma mawaya ake anasanjidwa mosiyana.

Nanga kusintha power supply? Pa 7010 MT n'zotheka, chifukwa motherboard yake ili ndi pulagi wamba ya mapini 24. Koma 7020 ndi 9020 zili ndi pulagi yakeyake ya Dell ya mapini 8, ndipo HP 8200 ndi 8300 zili ndi yakeyake ya mapini 6. Pamenepo pamafunika adapta yopangidwira mtundu womwewo. Chinanso, ma power supply ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kwathu kuno magetsi ndi a 230V. Ngati power supply yachokera ku America, onani kaswitchiko musanabaye pa khoma.

5. BIOS: apa ndi pamene ambiri amagwa

Khadi litha kulowa bwino, magetsi n'kukwana, koma sikirini n'kukhalabe yakuda. Gawo ili ndi limene malangizo ambiri amalidumpha, ndiye tidekhe.

Mukayatsa kompyuta, Windows isanadzuke, pali kapulogalamu kokhala pa motherboard, kotchedwa BIOS, kamene kamadzutsa zipangizo zonse. Kuti chizindikiro cha Dell kapena HP chioneke, kapulogalamuka kayenera kulankhulana ndi kanzake kokhala pa khadi. Njira zolankhulirana zilipo ziwiri. Yakale ndi Legacy BIOS. Yatsopano ndi UEFI, yomwe inafala kwambiri Windows 8 itatuluka mu 2012, ndipo mbali yake ya pa khadi imatchedwa GOP. Makhadi akale kwambiri amadziwa njira yakale yokha. Ambiri a kuyambira cha m'ma 2013 amadziwa zonse ziwiri. Ena atsopano amavuta kapena kukaniratu pa motherboard ya njira yakale. Ma motherboard ena ali ndi chinthu chotchedwa CSM, chomwe chili ngati womasulira wa pa msonkhano: chikayatsidwa, motherboard yatsopano imamva khadi lakale. Dell amachilemba kuti Enable Legacy Option ROMs, HP amati Legacy Support.

Tsopano onani kuti kompyuta yanu ili m'gulu liti.

Gulu loyamba ndi zokhala ndi processor ya Core 2 Duo kapena Core 2 Quad, monga OptiPlex 755, 760 ndi 780, kapena HP 8000 Elite. Izi zimadziwa Legacy yokha. Sankhani khadi lakalenso, monga GT 710, GT 730, GT 1030 kapena GTX 750 Ti. RX 6400 ndi makhadi a Intel Arc asiyeni. Kuti ithamange bwino, Arc imafunanso chinthu china chotchedwa Resizable BAR, chomwe makompyuta onse amene tikukambirana pano alibe.

Gulu lachiwiri ndi za 2011, monga OptiPlex 790 ndi 990 kapena HP 8200, zokhala ndi processor ngati i5-2400. Izi ndiye zovuta kulosera. UEFI ili nayo, koma ndi yoyambirira, yosakhwima. Khadi la kampani ina ligwira, la dzina lomwelo la kampani ina n'kukana. Pa makina amenewa ndimaona kuti makhadi a NVIDIA savuta kwambiri poyerekeza ndi a Radeon RX, koma lamulo lenileni ndi limodzi: osalipira musanayese.

Gulu lachitatu ndi za 2012 kupita m'tsogolo, monga 7010, 9020 ndi HP 8300. Izi zimadziwa njira zonse ziwiri, ndipo ntchito yanu ndi kungosankha yoyenera.

Chinthu chofunika kwambiri pa gawo lonseli ndi ichi: konzani BIOS khadi musanaliike. Sikirini ikada simungaonenso BIOS kuti musinthe kanthu. Monita ikadali yolumikizidwa pa motherboard, yatsani kompyuta n'kudina F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkCentre. Ena adzapeza kuti BIOS ili ndi pasiwedi yomwe anaiika a ku ofesi kumene kompyutayo inachokera. Pa OptiPlex zambiri pali kajampa pa motherboard kolembedwa PSWD. Mukakazula kompyuta ili yozima, n'kuyatsa, n'kuzimitsanso, n'kukabwezera, pasiwediyo imafufutika.

Mukalowa, jambulani kaye masamba amene mukufuna kusintha kuti mudzathe kubwezera. Ngati khadi lanu ndi lakale, la chisanafike 2013, zimitsani Secure Boot, chomwe ndi chitetezo cha UEFI kompyuta ikamadzuka, ndipo yatsani Legacy Option ROMs. Tsatirani ndondomeko yomweyo, chifukwa Dell salola kuyatsa Legacy pamene Secure Boot ili yoyaka. Ngati khadi ndi latsopano, la mtundu wa RX 6400, kompyuta iyenera kudzuka mwa UEFI. Ndipo ngati mukuona mzere wa Primary Display, uikeni pa Auto kapena pa PCIe.

Pali msampha wina apa. Bwererani ku kapepala kanu muone mzere wa BIOS Mode. Mzerewu sunena zimene motherboard ingathe, umangonena mmene Windows anaiikira. Ngati walemba Legacy ndipo inu mwangosintha BIOS kupita ku UEFI, kompyuta idzati siikupeza podzukira. Mafayilo anu sanawonongeke, musade nkhawa. Nkhani ndi yoti diski yanu inasanjidwa mwa MBR pamene UEFI imafuna GPT. Mukabwezera pa Legacy, Windows idzadzuka ngati kale. Kuti musamukiredi ku UEFI, Windows 10 ili ndi chida chotchedwa mbr2gpt chomwe chimasintha diski osafufuta kanthu, apo ayi muikenso Windows mwatsopano. Njira iliyonse imene mwasankha, yambani mwakopera mafayilo anu kwina. Ngati diski ili ndi BitLocker, loko wa Windows wokhoma diski, pezani kaye recovery key yake yotsegulira, chifukwa kusintha Secure Boot kungachititse kuti Windows iifunse.

Komaliza pa gawoli ndi kuika BIOS yatsopano. Makompyuta ambiri a kaunjika akadali pa BIOS ya chaka chimene anatulukira, ndipo nthawi zina yatsopano ndi imene imachititsa kuti khadi ligwire. Itengeni pa webusaiti ya kampani imene inapanga kompyutayo basi, pogwiritsa ntchito Service Tag kapena serial number. Koma magetsi akathima ntchitoyi ili m'kati, motherboard itha kufa. Ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathuku, chitani zimenezi pa UPS kapena pa inverter, ngakhale zitatanthauza kunyamula bokosilo kupita nalo kwa mnzanu.

6. Monita, khadi labodza, ndi tsiku logula

Mamonita ambiri a kaunjika ali ndi VGA yokha, pulagi ya buluu ija ya mapini 15. Makhadi ngati GTX 1050 Ti ndi 1650 satulutsa VGA. DVI yawo ndi DVI-D, ndiye kaadapta kotchipa ka DVI kupita ku VGA sikagwira ntchito. Chofunika ndi converter ya HDMI kapena DisplayPort kupita ku VGA, yomwe ili ndi kachipu m'kati.

Zimenezi zimathandizanso kugwira khadi labodza. Mukaona "GTX 1050 Ti" yatsopano, yotchipa modabwitsa, ili ndi pobayira VGA, ikayikireni. Pali makhadi akale ngati GTS 450 amene anthu achinyengo amawasintha dzina kuti Windows iziwaona ngati atsopano. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imazindikira ambiri otere ndipo imalemba FAKE kutsogolo kwa dzina. Yomweyonso ili ndi kabokosi ka UEFI kosonyeza ngati khadi lili ndi GOP. GT 1030 nayo ilipo ya mitundu iwiri, ya memory ya GDDR5 ndi ya DDR4. Dzina ndi limodzi, koma ya DDR4 ndi yofooka kwambiri.

Musagule khadi loposa msinkhu wa processor. GTX 1650 pa Core 2 Duo ndi kutaya ndalama, chifukwa khadi lizingodikira processor. Ndipo ngati kompyuta ili ndi RAM ya 4GB ndi hard drive yozungulira, ine ndingayambe ndi RAM ya 8GB ndi SSD, diski yothamanga yosazungulira.

Tsiku logula, nyamulani bokosi la kompyuta yanu mupite nalo. Kuona khadi likugwira mu kompyuta ya wogulitsa kumangosonyeza kuti ndi lamoyo, osati kuti ligwira mu yanu. Ngati mukuitanitsa kutali, monga kwa wachibale wa ku Joni, mutumizireni zithunzi zija ndi dzina lonse la khadi pamodzi ndi kampani yake.

7. Kuika khadilo

Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, ndipo dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze khadi. Uzirani fumbi mu siloti ndi pa mafani. Chotsani kachitsulo kotseka kumbuyo, gwirani khadi m'mbali osakhudza mano agolide aja, liimikeni molunjika ndipo kanikizani mpaka kokolera kalire kuti "tha". Mano agolide asaonekere kunja mbali iliyonse. Mangani bracket, bayani chingwe cha magetsi ngati khadi likufuna.

Ndiyeno chingwe cha monita chichotseni pa motherboard, muchibaye pa khadi. Cholakwika ichi n'chofala kuposa zonse. Makompyuta ambiri akaona khadi amazimitsa mapulagi a pa motherboard, munthu n'kumayang'ana sikirini yakuda khadi lilibe vuto lililonse.

8. Madiraiva

Madiraiva ndi mapulogalamu othandiza Windows kuyendetsa khadi. Atengeni ku webusaiti ya NVIDIA kapena AMD, malinga ndi khadi lanu. Ngati munali khadi lina kale, fufutani madiraiva ake ndi pulogalamu ya DDU muli mu Safe Mode. Mzere wa System Type ukhale x64, chifukwa NVIDIA anasiya kutulutsa madiraiva atsopano a Windows ya 32-bit mu 2018. A Core 2 Duo ndi Core 2 Quad musamale: madiraiva a NVIDIA kuyambira 555 amafuna langizo lina la processor lotchedwa POPCNT, lomwe Core 2 ilibe, ndipo kompyuta imagwa n'kuonetsa sikirini ya buluu. Tengani akale kuposa amenewo.

9. Sikirini ikakhalabe yakuda

Musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi. Yambani ndi monita: kodi yasankha HDMI, DVI kapena VGA moyenera? Yesani pulagi ina ya pa khadi, ndipo ngati pali converter, yesani pa TV ndi HDMI yeniyeni. Zikakanika, zulani khadi n'kuliikanso. Ngati ndi HP Compaq Elite, werengani kulira ndi kuphethira kwa kanyali kofiira: ka 4 ndiye kuti power supply yalemedwa, ka 5 ndi RAM, ka 6 ndi graphics. Kulira ka 5 kumachitika mukagunda RAM poika khadi, ndiye ingoikanikizaninso.

Zikapitirira, chotsani khadi, bwezerani monita pa motherboard, lowani mu BIOS n'kuyesa mbali inayo: ngati Legacy Option ROMs inali yozima iyatseni, ngati inali yoyaka ndipo Windows yanu ndi ya UEFI, izimitseni. Onaninso tsiku ndi nthawi mu BIOS. Ngati zabwerera m'mbuyo, kabatire ka CR2032 ka pa motherboard katha, ndipo zonse zimene mwasintha zimafufutika mukangozula magetsi. Kasintheni, n'kotchipa.

Chithunzi chikabwera, musathamangire kunena kuti ntchito yatha. Tsekani bokosi, tsegulani masewera kapena pulogalamu yolemera kwa theka la ola, GPU-Z ikuonetsa kutentha pa tsamba la Sensors. M'bokosi la SFF mpweya ndi wochepa, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala zimaipiraipira, ndiye ngati khadi likukhazikika kupitirira madigiri 85, chotsani fumbi ndipo musunthe bokosi lichoke pakhoma. Koma ngati kompyuta ikungozima yokha kapena kuyambiranso khadi likangoyamba kugwira ntchito yolemera, ameneyo ndi power supply yalephera. Musaikakamize. Chotsani khadilo mpaka mutapeza power supply yokwanira kapena khadi lodya magetsi ochepa.